Mtsutso wa ofuna upulezidenti wa Malawi (zokambirana za chisankho cha 2025 chisanachitike): ndani adzayankhe bwino, ndani sadzabwera?

TelalaWaMbare:
Abale anga a muno mu Harare, moni nonse. Chisankho cha kumudzi ku Malawi ndi pa 16 September 2025 ndipo mitsutso ya pa kanema yayandikira. Ndikufuna tinene maganizo athu lero tisanaonere, chifukwa ikatha aliyense amadzati ndinanena ine. Bungwe loyendetsa chisankho la MEC lavomereza anthu 17, koma amene maso a anthu ali pa iwo ndi a Chakwera, a Mutharika, a Kabambe, mayi Joyce Banda, a Atupele Muluzi ndi a Usi. Ine ndikuona chonchi: a Kabambe adzawaposa onse pa nkhani ya chuma, a Chakwera adzalankhula mokoma koma mafunso a mafuta ndi feteleza adzawapanikiza, ndipo a Mutharika sadzabwera n'komwe. Inu mukuona bwanji?

Nasibeko_Dziva:
Adadi a Mutharika abwerenji? Mtengo wa chimanga ukuwachitira kale kampeni.

KwachaWaKasungu:
Ndiye mukuvomereza kuti akuopa mafunso, achemwali. Munthu wofuna kulamulira anthu oposa 20 miliyoni akanike kuima maola awiri n'kuyankha?

Nasibeko_Dziva:
Kuopa ayi. Analamulirapo zaka zisanu ndi chimodzi, anthu akuwadziwa. Amene akufunika kufotokoza ndi amene ali pa mpando lero.

MphunzitsiWaHighfield:
Tisanakangane, tikumbutsane zomwe zinachitika kale, chifukwa mbiri yake ndi yaifupi. Mitsutso ya mtunduwu kwathu inayamba mu 2014, atolankhani a MISA Malawi ndi mabungwe ena ndiwo ankayendetsa. Mayi Joyce Banda anali pa mpando nthawi imeneyo ndipo sanapiteko. Anathera pa nambala yachitatu ndi mavoti pafupifupi 20 pa 100 alionse, pambuyo pa a Mutharika ndi a Chakwera. Anthu ambiri anati mwaona, kuthawa mtsutso kumagwetsa. Koma mu 2019 a Mutharika, ali pa mpando, nawonso sanapite. A Chakwera, malemu a Chilima, a Atupele ndi ena anakambirana okhaokha ku BICC. Zotsatira zomwe MEC inalengeza zinali a Mutharika 38.6, a Chakwera 35.4, a Chilima 20.2 pa 100 alionse. Inde khoti linathetsa chisankho chija pa 3 February 2020 chifukwa cha tipeksi ndi zolakwika zina, koma palibe anganene kuti kusapita ku mtsutso ndiko kunawapweteka.

Zomwe ndikuonapo ine ndi zakuti amene akudziona kuti ali ndi zambiri zoti ataye ndiye amakhala kunyumba. Chaka chino anthu otere alipo awiri. A Mutharika akuona ngati mphepo ikuwomba mowakomera, ndiye akaika chiyani pachiswe? A Chakwera akudziwa kuti akaima pamenepo onse adzawaunjirira. Choncho a Telala, ine sindingadabwe titaona mipando iwiri yopanda anthu.

KwachaWaKasungu:
Aphunzitsi, pa a Chakwera pokha ndikukana. Munthu amene uja wakhala pa gome kuyambira kale, anatsogolera mpingo wa Assemblies of God zaka zoposa 20 asanalowe ndale mu 2013. Kulankhula pagulu sikumuopsa. Ndiye pulezidenti amene wakhala akupita ku Nyumba ya Malamulo kukayankha mafunso a aphungu, zomwe a Mutharika sanachitepo. Ndipo zoti anene zilipo. Analowa pa mpando Covid ili pakati, kenako nkhondo ya ku Ukraine inakweza feteleza ndi mafuta dziko lonse lapansi, kenako namondwe Freddy mu March 2023 anapha anthu oposa 1,000 kumwera, kenako chilala cha El Niño mu 2024. Onaninso misewu ya mu Lilongwe, ntchito ya pa M1, njanji yofika ku Marka. Akapatsidwa mpata adzazifotokoza bwinobwino.

MakanikoWaGazaland:
Achimwene, zonsezo n'zoona, koma wofunsa akadzati munalonjeza ntchito 1 miliyoni m'chaka chimodzi, zili kuti? Munalonjeza kudya katatu pa tsiku. Feteleza wa AIP anayamba pa K4,495 thumba, kenako anafika K15,000, ndipo ambiri dzina lawo silituluka n'komwe. Wa m'sitolo wadutsa K100,000. Pamenepo Chingerezi cha ku America chija sichithandiza. Munthu amene wagona pa mzere wa mafuta safuna kumva za Ukraine.

KwachaWaKasungu:
Zambia ndi Mozambique nawo sanavutike? Ife muno mu Zimbabwe tili pabwino?

MakanikoWaGazaland:
Sitikusankha pulezidenti wa Zimbabwe pano.

WakuThyoloMuAvondale:
Ndiloleni ndiyankhulepo za a Kabambe, poti a Telala awapatsa kale chikho. Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama ndipo ndamumvetsera bambo ameneyu kangapo. Chuma amachidziwa, zimenezo n'zosakayikitsa. Anali gavanala wa Reserve Bank kuyambira 2017 mpaka 2020, nthawi imene kwacha inakhazikika ndipo kukwera kwa mitengo kunatsika kufika pansi pa 10 pa 100. Akadzafunsidwa chifukwa chimene ndalama zakunja zikusowera, adzafotokoza mwadongosolo: timagula kunja zambiri kuposa zomwe timagulitsa, fodya yekha sangatinyamule, boma likubwereka kwambiri m'mabanki a m'dziko momwemo pa chiwongoladzanja chokwera, ndipo kwacha inagwetsedwa ndi 25 pa 100 mu May 2022 kenako ndi 44 pa 100 mu November 2023 koma madola sanabwerebe. Adzatchulanso kuti mgwirizano wa IMF wa 2023 unatha mu May 2025 usanafike kumapeto.

Vuto lake lili pawiri. Poyamba, manambala akachuluka anthu amasiya kumvera. Mphindi ziwiri sizikwana kuti uphunzitse, uyenera kusankha chinthu chimodzi chimene mayi wogulitsa tomato achigwire. Kachiwiri, anzake sadzamulekerera. Adzamukumbutsa kuti anali wa DPP mpaka 2024, kuti UTM anailowa a Chilima atamwalira, komanso nkhani ya kumangidwa kwake mu December 2021 yokhudza malipoti opita ku IMF. Mlandu si chigamulo, ndikudziwa, koma pa kanema funso lokha limasiya chipsera. Akayankha mokwiya ataya zonse zimene anapeza poyamba.

TelalaWaMbare:
Pamenepo mwandiunikira, akulu. Koma ndikadali kumbali yake. Mwa onse ndi iye yekha amene ali ndi njala ya mtsutsowu, chifukwa ku midzi ambiri sakumudziwa nkhope.

MayiWaMabvuku:
Ana inu mukukamba ngati aliyense ali ndi kanema ndi intaneti. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu 84 pa 100 alionse kwathu amakhala kumidzi. Achemwali anga ku Mayaka amvera pa kawailesi ka mabatire, mwina pa foni yaing'ono ija, pa Zodiak kapena MBC. Saona suti ya munthu, saona thukuta, saona amene akumwetulira. Amangomva mawu. Ndiye funso langa ndi lakuti, adzalankhula chilankhulo chanji? Akachulutsa Chingerezi ndiye kuti akukambirana ndi ma Area 47 ndi Namiwawa basi, komanso akazembe a maiko akunja. Amene adzayankhe mu Chichewa chomveka, n'kuponyako mawu awiri a Chitumbuka kapena Chiyao, ameneyo ndiye adzafike kwa ovota.

MwanaWaKaronga:
Amayi mwanena zoona, komanso musaiwale kuti kwathu ku mpoto agogo ambiri Chichewa amachimva movutikira. Mawailesi a m'madera bwenzi akumasulira mawa lake.

MayiWaMabvuku:
Eya mwanawe, n'chimodzimodzi ku Nsanje ndi Chisena.

ChilimaMpakaKale:
Ine nkhani ya mtsutso ikangotchulidwa mtima umandiwawa. Mu 2019 tinasonkhana panyumba ya mnzathu ku Mufakose kuonera pa Facebook, ndipo SKC, a Chilima, akayamba kuyankha chipinda chonse chinkakhala chete. Ankadziwa kusakaniza manambala ndi miyambi, osakweza mawu. Ndege ija itagwa ku Chikangawa pa 10 June 2024 tinataya munthu amene akanawala kwambiri pa nsanja imeneyi. Ndikufuna wina adzafunse onse amene adzaime pamenepo kuti adzachita chiyani kuti mabanja a anthu asanu ndi anayi aja akhutire ndi mayankho.

MphunzitsiWaHighfield:
Pepani achimwene, tonse zinatikhudza. Koma onaninso kuti munthu amene ambiri a m'tauni ankati wapambana mitsutso ya 2019 anathera pachitatu. Zimenezi zikugwirizana ndi zomwe amayi a ku Mabvuku anena.

ChilimaMpakaKale:
Chisankho chija chinali cha tipeksi aphunzitsi, musachiwerengere.

MzukuluWaTafara:
Mundikhululukire Chichewa changa, ine ndinabadwira konkuno, agogo anga anachokera ku Dedza nthawi ya Federation kudzagwira ntchito m'nyumba za azungu. Ndikukuwerengani mukukangana ndipo ndikukusilirani. Kuno sindinaonepo mtsogoleri wolamula ataima pambali pa wotsutsa n'kumafunsidwa funso limodzi onse awiri. Mu 2018 a Chamisa anaitanira a Mnangagwa ku mtsutso, sizinachitike. Inu khoti lanu linathetsa chisankho, munavotanso mu June 2020, boma linasintha popanda mfuti. Ngakhale atabwera atatu okha, chinthu chimenecho musachipeputse.

Komanso bambo anga anakhala zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa alien. Malamulo a unzika atasintha mu 2001 anthu ambiri a makolo a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique analandidwa mwayi wovota, mpaka malamulo oyendetsera dziko a 2013 anadzakonzako. Ku Malawi nakonso sanavotepo. Munthu kufika pa ukalamba osaponyapo voti kulikonse.

GogoWaEpworth:
Mdzukulu wanga wandilembera izi ine ndikunena. Zimene wanena mwana wa ku Tafara ndi zathu tonse. Tinamanga dziko lino, m'mafamu, m'migodi, mu kanselo, koma ankatitcha mabhurandaya. Ndikufuna pulezidenti wa ku Malawi amene adzakumbuke kuti kuno kuli anthu ake. Za mtsutsozo ine ndimvera mawa lake kwa ana.

Nasibeko_Dziva:
Agogo mwalankhula. Ndalama timatumiza mwezi ndi mwezi, maliro timayendetsa ndife, fizi ya ana a abale ndife, koma voti ya ali kunja kulibe. Bwenzi tikuvotera ku ofesi ya kazembe konkuno.

DalaivalaWaTete:
Amene analembetsa chaka chatha njira ilipo. Basi pa Roadport, Nyamapanda, Tete, Zobue, Mwanza, mawa lake muli mu Blantyre. Koma mukavotera komwe munalembetsa, ndiye wa ku Karonga awonjezere tsiku lina. Amene simunalembetse musavutike ulendo, kaundula anatseka kale. Alembetsa ndi anthu pafupifupi 7.2 miliyoni.

MwanaWaKaronga:
Ndalama ya basi kupita ndi kubwera, kuwonjezera kusiya ntchito sabata yonse. Abwana anga sangamve zimenezo.

TelalaWaMbare:
Abale, nkhani ya voti ya ali kunja ndi yofunika ndipo tiitsegulire pake. Tibwerere ku funso. Palibe amene wanenapo bwinobwino kuti a Mutharika atati abwera zingawayendere bwanji.

WakuThyoloMuAvondale:
Ndine wa kwawo koma ndinena mosabisa. Mutu uli nawo, anaphunzitsa malamulo zaka zambiri ku Washington University ku America. Koma sanakhalepo munthu wa pa maikolofoni. Mawu awo ndi otsika, amameza ena, ndipo Chichewa chawo anthu amachiseka. Tsopano ali ndi zaka 85. Alangizi awo onse anaona zimene zinachitika ku America pa 27 June 2024, pamene Joe Biden anasokonekera pa mtsutso ndi Trump, ndipo pa 21 July anali atasiya mpikisano. Usiku umodzi wokha. A DPP sangalole kuti kamera ikhale pa nkhope ya mkuluyo maola awiri. Atabwera, mfundo yawo ingakhale imodzi: yerekezani mtengo wa chimanga, shuga ndi sopo mu 2019 ndi lero. Mfundoyo ndi yamphamvu, koma sifunika mtsutso kuti anthu ayimve.

Nasibeko_Dziva:
Zaka si matenda. Mukunyoza akuluakulu.

WakuThyoloMuAvondale:
Sindikunyoza achemwali, ndikunena zomwe kamera imachita. Ndiponso ovota ali ndi ufulu wofunsa, chifukwa chikachitika china amene alowe ndi wachiwiri. Tinaziona mu April 2012 a Bingu atamwalira. Asankha mayi Jane Ansah, amene ankatsogolera MEC pa chisankho chija chinathetsedwa. Funso limenelo lokha likhoza kudya theka la ola.

KwachaWaKasungu:
Awafunsenso za kuzimazima kwa magetsi nthawi yawo, za kuphedwa kwa abale athu achialubino, za simenti ija inalowa pa nambala ya msonkho ya pulezidenti. Anthu aiwala msanga.

MakanikoWaGazaland:
Sanaiwale, akungoyerekeza. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Munthu amavotera zimene zili m'mbale mwake lero.

MphunzitsiWaHighfield:
Pa chitsanzo cha America ndiwonjezepo mbali ina. Biden atachoka, Kamala Harris anakumana ndi Trump pa 10 September ndipo ambiri anati Harris ndiye anachita bwino. Mu November anapambana ndi Trump. Hillary Clinton mu 2016 chimodzimodzi. Pafupi nafe ku Kenya, mu 2017 Uhuru Kenyatta sanapite, Raila Odinga anaima yekha pa nsanja. Mu 2022 Raila ndiye sanapite, William Ruto anayankha yekha mafunso ndipo anapambana. Ine ndikaziika pamodzi ndimaona kuti mtsutso ukhoza kumugwetsa munthu akapunthwa moonekeratu, koma kawirikawiri sumukweza munthu amene alibe chipani cha mizu m'midzi. Kwathu voti imayendabe ndi chigawo: MCP pakati, DPP kumwera makamaka kwa Alhomwe, UDF ku Mangochi ndi Machinga, mpoto n'kumasankha kopita. Pokhapo pali kusiyana tsopano ndi lamulo la 50 kuphatikiza voti imodzi. Wachitatu ndi wachinayi akapeza mavoti okwanira kukakamiza chibwereza, amasanduka anthu ofunika kwambiri. Ndiye kwa a Kabambe ndi a Atupele mtsutsowu uli ndi phindu lenileni, ngakhale asapambane.

NachisaleWaGlenView:
Amuna inu mwatchula amuna okhaokha. Mayi Joyce Banda ine ndikuona kuti adzadabwitsa anthu. Amalankhula ngati mayi wa pamudzi, amatchula anthu ndi malo, sawerenga pa pepala. Ndipo ali ndi nkhani imene ikugwirizana ndi mavuto a lero. Pamene ankalowa mu 2012 mizere ya mafuta inali paliponse, ndalama zakunja kunalibe, maiko othandiza anali atatseka dzanja. Patapita miyezi yochepa mafuta anayamba kupezeka. Adzanena kuti ndinakonzapo kale, ndipatseninso.

MakanikoWaGazaland:
Kenako wofunsa adzati Cashgate.

NachisaleWaGlenView:
Adzayankha kuti inaululika nthawi yawo ndipo anthu anamangidwa nthawi yawo yomweyo. Kuba kwa ku Capital Hill sikunayambe mu 2013 ndipo sikunathere pomwepo. Koma mwamuna akaba mumaiwala, mkazi akalamulira zaka ziwiri mumamukumbutsa moyo wake wonse.

MakanikoWaGazaland:
Achemwali, ine sindinati anaba iwo. Ndati funsolo lidzabwera, ndipo anagwetsanso kwacha mu May 2012, anthu a m'tauni analira.

YaoBoyWaMbare:
Atupele mukumusiya dala? Pa onsewa ndi iye amene wazolowera nsanja imeneyi, anaimapo mu 2014 ndi 2019. Sapsa mtima, satukwana, amamaliza yankho nthawi isanathe. Ali ndi zaka 47, ndiye pakati pa anthu a zaka 70, 75 ndi 85 adzaoneka wa mawa. Akukambanso za migodi, kuti miyala ya ku Kangankunde ndi Kasiya isatuluke ngati mmene uranium ya ku Kayelekera inatulukira ife osaona kanthu.

ChilimaMpakaKale:
Mu 2014 anabwera ndi Agenda for Change, kenako anakalowa mu kabineti ya a Mutharika. Mu 2019 ankapikisana nawo akadali nduna yawo ya zaumoyo. Mu 2020 anali wachiwiri wawo. Akadzadzudzula DPP adzadzidzudzula yekha.

YaoBoyWaMbare:
Nanga a Chilima sanali wachiwiri wa a Mutharika, kenako wa a Chakwera? Ndale za kwathu aliyense anakhalapo ndi aliyense.

ChilimaMpakaKale:
Malemu asiyeni apume.

YaoBoyWaMbare:
Pepani, sindinafune kunyoza. Mzimu wawo uuse mumtendere.

MayiWaMabvuku:
Ine amene ndikufuna kumumva ndi a Usi. Munthu amene wachita sewero la Tikuferanji zaka zonsezi amadziwa kulankhula ndi munthu wamba kuposa onsewo. Koma ndi wachiwiri kwa pulezidenti mpaka lero, mu 2025 muno. Akadzati boma lalephera, anthu adzati nanga inu munali kuti? Akadzati lachita bwino, adzati nanga mukupikisana nalo bwanji?

WakuThyoloMuAvondale:
Chinthu china chimene sitinachikhudze ndi ofunsa mafunso. Mtsutso umakoma kapena kuipa chifukwa cha iwo. Akangowerenga funso, munthu n'kulakatula zomwe analoweza, belu n'kulira, ndiye kuti taonera msonkhano wa chipani wa m'nyumba. Pafunika funso lotsatira. Wina akati ndidzapereka sekondale yaulere, afunsidwe pomwepo kuti ndalama zake zichokera kuti pamene gawo lalikulu la bajeti likupita ku chiwongoladzanja cha ngongole. Wina akati feteleza adzatsika, anene kuti madola ogulira adzawatenga kuti. Amene anakonzekera zenizeni amaonekera pa funso lachiwiri.

KwachaWaKasungu:
Apa tagwirizana. Ndipo asakondere, aliyense apanikizidwe mofanana.

TelalaWaMbare:
Ndalemba zonse kuti tidzakumbutsane. Aphunzitsi akuti mipando iwiri idzakhala yopanda anthu. A Kasungu akuti a Chakwera abwera ndipo awala. A Nachisale ali ndi mayi Banda, YaoBoy ali ndi Atupele, ine ndi a Kabambe. Tsopano tionera kuti? Kwathu ku Mbare magetsi madzulo sadalirika.

MakanikoWaGazaland:
Ku galaja kwanga kuli sola ndi batire, ndipo nthawi ya kuno ndi ya kumudzi ndi imodzi. Bwerani ndi mipando yanu. Ndalama ya data tisonkherana dola dola. A zipani zonse ndinu olandiridwa koma nsalu za chipani musiye kunyumba.

NachisaleWaGlenView:
Ine ndibwera ndi mandasi. Wina akatenge agogo a ku Epworth adzamve okha, asadikire kuuzidwa mawa lake.

DalaivalaWaTete:
Agogowo ndikawatenga ine ngati ndidzakhale nditabwerako ku Mwanza. Mdzukulu wawo anditumizire uthenga kumbali.

Nasibeko_Dziva:
Ndibwera, koma Adadi akapanda kubwera musandiyang'ane ine. Ndipo a Kasungu, abusa anu nawo akapanda kubwera mudzatiuze chifukwa chake pamaso pa gulu lonse.

KwachaWaKasungu:
Abwera. Akapanda kubwera data ya tsiku limenelo ndilipira ndekha.